Mthenga wa Pakati pa Apongozi ndi Mkamwini

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA GULU LA TIYESE, LOPHUNZIRA AGILE, CHIPATA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: Kalasi ya Sande Sukulu, kuseri kwa tchalitchi, Kapata

OPEZEKAPO
Bambo Lyford Nkhuwa, Wapampando, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito
Mayi Tryness Khondowe, Mwini Ntchito, kalaliki wa sukulu wopuma, wa ku Chiparamba
Bambo Enoch Thole, mphunzitsi wa makompyuta, wolemba pulogalamu
Bambo Jabulani Maseko, wolemba pulogalamu ndi woyang'anira mayeso oyeserera
Mayi Dailes Miti, mlangizi wa ziweto
Mayi Tamiwe Thole, Mlembi

OSAPEZEKAPO
Bambo Harrison Soko anapepesa, magalimoto achuluka pa chipata cha m'malire cha Mwami.
Mayi Juliet Daka ali ku maliro a azakhali awo.

1. KUTSEGULA

1.1 Msonkhano unayamba 14:10 ndi pemphero la Mayi Miti. Unachedwa mphindi khumi chifukwa kiyi wa kalasi anali ndi mlonda, ndipo mlonda anali kumsika.

1.2 Wapampando anakumbutsa mamembala chimene chinatisonkhanitsa kuyambira Febuluwale. Tikuphunzira Agile, njira yopangira mapulogalamu a kompyuta pang'onopang'ono, n'kumaonetsa mwini ntchito pafupipafupi kuti cholakwika chigwidwe chisanakule. Tikukonzekeranso mayeso a satifiketi ya Scrum, imodzi mwa njira za Agile, amene adzalembedwa pa intaneti pa 5 Julayi. Anati bungwe limene latipatsa malo olembera likufuna mayina pofika Lachisanu, 20 Juni, ndipo lanenetsa kuti dzina losowa tsikulo silidzalowanso, chaka chino ngakhale chamawa, popeza ntchito yawo ku Chipata ikutha. Likufunanso kuona pulogalamu imodzi yogwira ntchito pa 28 Juni tisanaloledwe kulemba.

1.3 Mamembala anakhala monga mwa masiku onse, pa mabenchi a ana amene mawondo a Wapampando sanawazolowerebe. Mayi Khondowe anakhala pafupi ndi khomo, kuseri kwa kabati ya mabuku a nyimbo. Bambo Thole anakhala mbali inayo atayang'ana pawindo. Bambo Maseko anapempha kuti chifukwa chake chilembedwe, poti a bungwe akhoza kudzawerenga zolembedwazi n'kuganiza kuti pali udani. Mlembi sanaone kufunika kwake, koma walemba. Mayi Khondowe ndi mayi ake a Mlembi, Bambo Thole ndi mwamuna wake wa Mlembi. Awiriwa ndi apongozi ndi mkamwini, ndipo mwa ulemu wa kwathu sayang'anizana kapena kulankhulana chiyambire ukwati mu 2014. Zonse zimadzera mwa Mlembi.

2. ZA MSONKHANO WATHA

2.1 Zinawerengedwa. Wapampando anakonza ndime 4.2, pamene panalembedwa kuti anawodzera nthawi ya mafunso. Anati ankaganiza atatsinzina, monga amachitira kuyambira kale. Kukonzako kunalandiridwa popanda womutsutsa kapena womukhulupirira.

3. ZOTSATIRA ZA MAYESO OYESERERA

3.1 Bambo Maseko anati mafunso anali 80 mu ola limodzi, ndipo wopambana ayenera kukhoza 68. Mayi Khondowe anapeza 74, Bambo Maseko 70, Bambo Thole 69, Mayi Miti 66, Mlembi 63, Wapampando 58. Bambo Maseko anawerenga nambala ya Mayi Khondowe mothamanga, choncho Mayi Miti anapempha kuti aibwereze. Anaibwereza.

3.2 Wapampando anati mafunso ena anakonzedwa mwachinyengo. Anapereka chitsanzo cha funso loti ndani amauza gulu mmene ligwirire ntchito yake. Iye anasankha bwana, koma yankho linali loti gulu limadziuza lokha. Anati anayendetsa sukulu zaka 19 ndipo sanaonepo sukulu yodziyendetsa yokha. Mayi Khondowe anayankha ali kuseri kwa kabati kuti iwo anakhala mu ofesi ya aphunzitsi aakulu asanu ndi mmodzi, ndipo ntchito inkayenda bwino kwambiri masiku amene bwana wapita ku msonkhano ku boma. Wapampando anafunsa ngati mawuwo ayenera kulembedwa. Anthu anayi anati alembedwe.

3.3 Zinagwirizanidwa kuti amene sanafike pa 68 azichita mafunso makumi awiri tsiku lililonse pa foni, magetsi akhalepo kapena ayi.

4. LIPOTI LA SIPIRINTI YACHITATU

4.1 Sipirinti ndi milungu iwiri imene gulu limadzipatsa kuti limalize kachigawo ka ntchito kooneka ndi maso. Ntchito yathu yophunzirira ndi pulogalamu yokumbutsa alimi a kalabu ina ya ku Kasenengwa tsiku lopereka katemera wa chitopa kwa nkhuku. Mwini Ntchito, amene mabuku amamutcha Product Owner, ndiye amaimira alimi ndi kunena chimene chikufunika.

4.2 Mayi Miti anapereka lipoti la ulendo wa Lachitatu, pamene iwo ndi Bambo Maseko anakaonetsa pulogalamu kwa alimi. Anati anabwera anthu 23. Pulogalamu inali yokongola, ya kalendala ndi chithunzi cha tambala amene amagwedeza mutu tsiku likakwana. Koma mwa mafoni onse amene anatulutsidwa m'matumba ndi m'mipango, atatu okha ndiwo akanatha kuitsegula, ndipo awiri mwa atatuwo anali a alendo ochokera ku Lusaka. Ena onse ndi mafoni a mabatani. Mayi wina, a Dolika, anayang'anitsitsa tambalayo pa laputopu, n'kunena kuti ndi wonenepa bwino, koma nkhuku zawo zifa iye akugwedeza mutu ku Chipata. Mayi Miti anati anachita manyazi kwambiri, chifukwa anthuwo anasiya kukolola soya kuti abwere.

4.3 Bambo Maseko anati vuto lili pa bolodi lomatapo timapepala ta ntchito zoti zichitike. Kapepala kamene kanamatidwa kanangolembedwa kuti "Chikumbutso cha katemera", osatinso china. Anati buku limanena kuti kapepala ndi chikumbutso chabe choti wolemba pulogalamu ndi Mwini Ntchito akambirane pamaso ndi pamaso. Anapempha kuti mawu ake alembedwe ndendende: "Manje ngati aja ofunika kukambitsana sakambitsana, ise tichita chani pano? Tisewera chabe na mapepala."

4.4 Wapampando anafunsa Mwini Ntchito ngati tambala uja ndi amene iwo anapempha. Mayi Khondowe anati ayi, ndipo anakana kale tsiku lachiwiri la sipirinti. Bambo Thole anauza Wapampando, osatembenuka, kuti iwo sanamvepo za kukanako. Wapampando anaimitsa nkhaniyo, nati ali ndi kalata imene ikukhudza zomwezo.

5. KALATA YA MAYI KHONDOWE

5.1 Wapampando anati kalatayo anailandira Lachinayi kudzera mwa kondakitala wa minibasi ya ku Chiparamba, osati mwa Mlembi. Mlembi anaimva koyamba pomwepo. Inali yotere:

"Kwa Wapampando ndi a komiti. Ndikupempha kuti dzina langa lichotsedwe pa mndandanda wa olemba mayeso, ndipo udindo wa Mwini Ntchito upatsidwe kwa wina. Ntchito ya ku Kasenengwa yawonongeka chifukwa cha ine. Kawiri ndinatumiza mawu kuti njira yatengedwayo siithandiza alimi, ndipo kawiri ndinayankhidwa kuti zamveka, koma sizinasinthe. Sindikudandaula. A Thole ndi munthu wa dipuloma, n'kovuta kuti azilamulidwa ndi apongozi amene anathera Fomu 2, ndipo ulemu suwalola kundikana poyera. Tatsala ndi sipirinti imodzi. Ndikakhalapo ilepherekanso, ndipo onse mudzatayika nane. Iwo ali ndi banja loti alere, satifiketi imeneyi iwatsegulira njira. Ine ndinkangoifuna yopachika pakhoma. Zaka 31 ndinataipa mayina a ana a eni pa mapepala a umboni, ndiye ndinkafuna kuona langa pa pepala limodzi ndisanafe. Khumbo la nkhalamba lisatsekere mwana njira. Ine wanu mu ntchito, Tryness Khondowe."

5.2 Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadetsedwera. Anati zimamupweteka mtima kuti wopambana onse ndiye akupempha kuchoka. Anakumbutsa komiti kuti Mayi Khondowe sanabwere ngati wophunzira. Anabwera tsiku lina mu Febuluwale kudzapereka mtedza kwa mwana wawo, anamva tikulephera funso, n'kuliyankha ali pakhonde. Kuyambira pamenepo amakwera minibasi Loweruka lililonse akuwerenga m'njira.

5.3 Bambo Thole anapempha kulankhula. Anati, kudzera mwa Wapampando, sanayambe aganizapo zonyoza Amayi, ndipo ngati pali wofunika kuchoka ndi iwo, chifukwa tambala anamupanga ndi manja awo. Mayi Khondowe anati, kudzera mwa Wapampando, zimenezo sangazilole. Bambo Thole anati nawonso sangalole. Izi zinabwerezedwa katatu mbali iliyonse, mpaka Wapampando anadandaula kuti khosi lamupweteka ndi kutembenuka.

5.4 Mayi Miti, amene ntchito yawo inawazoloweza kufunsa kumene matenda analowera m'khola, anapempha kuti aliyense anene mawu enieni amene anatumiza ndi amene analandira. Mlembi anati nthawi yatha ndipo pali mitu ina. Mayi Miti anati pa ndondomeko patsala Zina ndi Zina zokha.

5.5 Mayi Khondowe anatulutsa kope la chikuto chofiira, m'mene amalembamo maphunziro onse ndi chilichonse chimene atumiza, tsiku ndi nthawi yake. Ukalaliki sukutha. Anawerenga za pa 3 Juni: "Ndaimbira Tamiwe. Ndati zimene akupangazo n'zachabe, za anthu a m'tauni. Alimi ali ndi mafoni a mabatani. Asiye, apange uthenga wamba wolowa pa foni iliyonse."

Bambo Thole anati chimene chinawafika tsikulo, pa chakudya chamasana, chinali chakuti Amayi akondwera ndi zithunzi, koma akapeza mpata akumbukirenso a mafoni ang'onoang'ono. Anati anayankha kuti sakumvetsa, Amayi afotokoze bwino ngati akufuna zonse ziwiri kapena chimodzi.

Mayi Khondowe anati iwo anauzidwa kuti a Thole amva ndipo achita.

Anawerenganso za pa 9 Juni: "Ndati ngati tambalayo sachotsedwa, ine ndikamupha ndekha." Bambo Thole anati iwo anamva kuti Amayi akufunsa ngati tambala angachepetsedwe pang'ono. Anamuchepetsa.

5.6 Mamembala onse anayang'ana Mlembi, ngakhale awiri amene sayang'anizana. Wapampando analamula kuti Mlembi ayankhe, alembe yankho lake yekha popanda kukometsa, ndipo Mayi Miti awerenge ndimeyo isanasainidwe.

5.7 Mlembi anavomera kuti mawu onse anawalandira monga ananenedwera, ndipo anawasintha m'njira. Anati sanayambe ndi tambala. Wakhala akuchita zimenezi zaka khumi ndi chimodzi. Amayi ake ali ndi lilime lakuthwa, amanena chinthu n'kuiwala pofika madzulo. Mwamuna wake sayankha, koma mawu opweteka amawasunga mumtima miyezi. Anati anthu awiriwa amawakonda kuposa wina aliyense kupatula mwana wake Hazel, ndipo ankaopa kuti mawu akafika osaphika, tsiku lina adzafunika kusankha mmodzi. Pa nkhani za denga, za sukulu ya mwana ndi za Khirisimasi, njirayi inayenda bwino ndipo palibe nkhuku inafa. Sanaganize kuti kompyuta imachita zimene wauzidwa wolemba pulogalamu, osati zimene anatanthauza apongozi. Mlembi anapepesa kwa komiti, kwa alimi a ku Kasenengwa, kwa amayi ake ndi kwa bambo a Hazel. Analira, ndipo Mayi Miti akuti zimenezonso zilembedwe.

5.8 Mayi Miti awerenga ndime 5.7 ndipo avomereza, kupatula kuti mawu oti "lilime lakuthwa" Mlembi anayamba walemba "olankhula mosabisa".

5.9 Mayi Khondowe anati, "Tamiwe iwe, ndiye kuti zaka zonsezi mwamuna wako amandiyesa munthu wofatsa?" Bambo Thole anauza Wapampando kuti ankadabwa kuti mayi ofatsa chotere anabereka bwanji mwana wotere. Mlembi sakugwirizana ndi mawuwa koma walemba.

5.10 Wapampando anati akale ananena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma anati asanaloze Mlembi chala adziloze yekha. Iye ndiye anakoka kabati ija n'kuiika pakati pa kalasi tsiku loyamba limene Mayi Khondowe analowa m'gulu, akuganiza kuti akuthandiza, pamene Loweruka lililonse ankaphunzitsa kuti gulu liyenera kukambirana pamaso ndi pamaso. Anati tonse tinaloweza yankho la funso la zimenezo ndipo tonse tinalikhoza m'mayeso oyeserera, kabati ili pomwepo.

6. CHOCHITA PA KALATAYO

6.1 Wapampando anafunsa ngati tsopano Mayi Khondowe abweza kalata. Anati ayi. Anati mtima wawo wapepuka podziwa kuti sananyozedwe, koma vuto likadalipo. Milungu iwiri yatsalayo ikufuna kufunsana tsiku ndi tsiku, ndipo mthenga amene analipo wadziwika mmene amagwirira ntchito.

6.2 Bambo Maseko anati awiriwa azilemberana pa foni. Mayi Khondowe anati kulembera mkamwini ndi kumulankhula komwe, kungoti kwamantha. Bambo Maseko anatinso mwina Mayi Miti akhale mthenga watsopano. Mayi Miti anakana, nati sabata ino ali ndi ng'ombe zoposa mazana awiri zoyenera kulandira mankhwala, ndipo ng'ombe sizitumizirana mawu. Bambo Maseko anati ndiye mwambowo ungotayidwa, tili mu 2025. Wapampando anamufunsa ngati anakwatira. Anati ayi. Wapampando anati adzabwerenso ndi maganizowo akadzapeza apongozi.

6.3 Wapampando anapempha kulankhula ngati mkulu wa mpingo, osati wa komiti. Anati mwambo womwewo uli ndi khomo lake. Ana akabadwa ndipo mkamwini waoneka khalidwe, apongozi eni ake ndiwo amatsegula njira. Amamupatsa kanthu m'manja pamaso pa akulu, kawirikawiri nkhuku, ndipo kuyambira pamenepo amalankhulana ndi kudyera pamodzi. Anati Hazel ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndiye akudabwa kuti zimenezi zinachedwa pati.

6.4 Mayi Khondowe anati anatumiza mawu mu 2018, maliro a amuna awo atatha, kuti akufuna kuchita mwambowo. Anayankhidwa kuti a Thole akuti sanakonzeke. Bambo Thole anati sanamvepo. Anati iwo ndiwo anafunsa mu 2020 ngati nthawi sinakwane, ndipo anauzidwa kuti Amayi akuti adikire kaye. Anati anadikira, poganiza kuti pali chimene sanakwanitse.

6.5 Mlembi anavomeranso. Anati ankadziwa kuti tsiku limene awiriwa adzakhale pa mphasa imodzi, zonse zimene anakonza m'njira zidzatulukira. Wapampando anati palibe chifukwa choti Mayi Miti awerenge ndime imeneyi, yadziwerenga yokha.

6.6 Kenako Mayi Khondowe anafunsa Wapampando ngati mkulu mmodzi wa mpingo ndi mlangizi wa ziweto akukwanira kukhala mboni. Wapampando anati akukwanira. Anafunsanso ngati kanthuko kayenera kukhala ndi nthenga. Wapampando anati nkhuku ikhoza kutsatira Lamlungu, ndipo iye ali wokonzeka kudzaichitira umboni.

6.7 Mayi Khondowe anaimirira, anakonza chitenje, n'kutuluka kuseri kwa kabati atanyamula kope lofiira ndi manja awiri. Bambo Thole anatsika pa benchi, anagwada, anawomba m'manja, n'kulandira. Anali asanakweze maso. Mayi Khondowe anati:

"A Thole, ndiyang'aneni. Alimi a ku Kasenengwa ali ndi mafoni a mabatani."

Bambo Thole anawayang'ana nati, "Ndamva, Amayi."

Mayi Khondowe anati, "Mwamva chiyani? Bwerezani, ndaphunzira kusakhulupirira mawu amenewo."

Bambo Thole anabwereza. Anafunsa ngati uthenga upite tsiku lomwelo la katemera kapena dzulo lake. Mayi Khondowe anati masiku atatu lisanafike, chifukwa nkhuku za kumudzi zimagona m'mitengo ndipo kuzigwira ndi ntchito. Bambo Thole anati zimenezo sakanazidziwa. Mayi Khondowe anati safunsa anadya phula. Bambo Thole anati anafunsa. Onse awiri anayang'ananso Mlembi.

6.8 Kukambirana kwa awiriwa kunatenga mphindi 25. Bambo Maseko ndi Mayi Miti anakankhira kabati kukhoma n'kukokera bolodi pafupi. Timapepala tisanu ndi tiwiri tatsopano tinamatidwa, ndipo Mwini Ntchito anatisanja kuyambira kofunika kwambiri. Pa kachitatu anatsutsana. Bambo Thole anati uthenga wa mawu ojambulidwa, wa alimi osadziwa kuwerenga, sungatheke m'milungu iwiri. Mayi Khondowe anati ungatheke ngati anthu asiya kujambula atambala. Bambo Thole anati sungatheke, Amayi, ndipo anafotokoza chifukwa. Mayi Khondowe anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutsitsa kapepalako pansi pa mndandanda. Mlembi anadikira kuti denga ligwe. Silinagwe.

6.9 Wapampando anafunsanso za kalata. Mayi Khondowe anaipempha, anaipinda kanayi n'kuiika m'chikwama, nati mapepala sang'ambidwa, amasungidwa mu fayilo. Anapemphanso kuti kope lofiira, ngakhale tsopano ndi la a Thole, aziwabwereka mpaka pa 5 Julayi, chifukwa manotsi awo onse ali momwemo.

6.10 ZOGWIRIZANA
(a) Mayina asanu ndi atatu onse atumizidwe Lolemba, osadikira Lachisanu. Atumize ndi Wapampando.
(b) Sipirinti yachinayi iyambe Lolemba, 16 Juni. Cholinga ndi uthenga wamba wofika pa foni iliyonse.
(c) Mwini Ntchito ndi olemba pulogalamu aziimbirana okha tsiku lililonse 17:00, mphindi zosaposa khumi ndi zisanu. Bambo Maseko anakayikira ngati mphindizo zikwanira.
(d) Mayi Miti akapepese kwa alimi ndi kupempha a Dolika kuti adzayese uthenga woyamba pa foni yawo.
(e) Mlembi apitirize kulemba za misonkhano, koma pa ntchito yokhala mthenga wachotsedwa. Nthawi imene wapezayo aigwiritse kukweza 63 uja.

7. ZINA NDI ZINA

7.1 Bambo Maseko anakumbutsa kuti tsiku la mayeso aliyense abwere ndi chiphaso chake, ndi laputopu yodzaza moto.

7.2 Bambo Thole anati ali ndi funso limene si la komiti, koma akufuna mboni zomwezi. Wapampando analola. Bambo Thole anatembenukira kwa Mayi Khondowe. Anati tsiku la chinkhoswe, mu 2014, Mlembi anawauza kuti Amayi anena kuti, "Ndinabereka ana aakazi okhaokha, lero ndapeza mwana wamwamuna." Anati mawu amenewo anawasunga. Zaka ziwiri zimene anakhala opanda ntchito, akudya za mkazi wawo, ankawakumbukira m'mawa uliwonse, ndipo ndi amene anawaletsa kuthawira ku Lusaka ndi manyazi. Anati lero aona mmene mawu ankayendera m'banja lawo, ndiye akufuna kudziwa ngati amenewo ananenedwadi.

7.3 Mlembi anapempha kuti funsolo lisayankhidwe. Wapampando anati Mlembi alibenso udindo pa nkhani zotere.

7.4 Mayi Khondowe anati, "Sindinanene. Ndinati ndinu woonda, ndipo nsapato mwavalazo n'zobwereka."

Bambo Thole anati zinalidi zobwereka. Anayesa kuseka koma sizinatheke, anangoyang'ana pansi.

Mayi Khondowe anapitiriza. Anati munthu amene sungamulankhule umamuphunzira ndi maso, ndipo iwo akhala akuphunzira zaka khumi ndi chimodzi, pawindo ndi kuseri kwa zitseko. Anati anaona amene ankatembenuza amuna awo pa bedi m'chipatala miyezi itatu, abale eni ake atatopa. Anaona amene anakhoma malata a khitchini yawo ku Chiparamba iwo ali ku tchalitchi, n'kuchoka asanabwere kuti asawavutitse ndi kuthokoza. Anati zikomo wa zimenezo anamutumiza, koma tsopano sakudziwa kuti anafika atavala chiyani.

Kenako anati, "Tamiwe, lemba monga ndikunenera, usawonjezere mchere. A Thole, ndinabereka ana aakazi okhaokha. Ndinapeza mwana wamwamuna. Ndanena ndekha, lero, pa 14 Juni."

7.5 Bambo Thole anawomba m'manja pang'onopang'ono atawerama, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Wapampando anafunsa ngati pali zina. Panalibe.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, 21 Juni 2025, 14:00, malo omwewa. Wapampando atenge kiyi kwa mlonda Lachisanu.

9. KUTSEKA

Msonkhano unatha 16:50 ndi pemphero lalifupi la Wapampando, pakuti minibasi yomaliza ya ku Chiparamba sidikira munthu. Bambo Thole ananyamula chikwama cha Mayi Khondowe kuwaperekeza ku siteji. Anatuluka pa geti akuyenda pamodzi, akutsutsanabe za kapepala kachitatu. Mlembi anatsala akutseka mawindo. Palibe anamuitana.

Wasaina: L. Nkhuwa, Wapampando

Wasaina: T. Thole, Mlembi

Ndawerenga zonse ndipo ndi momwe zinanenedwera: D. Miti